Hatchi ya a Cleophus m'ngalande

Zoti a Cleophus Tarver anazungulira mutu ndi bodza, ndipo amene anakuuzaniyo akachukuche m'kamwa. Ndikudziwa kuti mwazimva. Mwazimva pakhomo la tchalitchi, mwazimva pamzere wogula mlamba wokazinga Lachisanu, mwina mwazimvanso kwa a Lucius Pettway enieniwo, misozi ili chuchuchu. Akuti nkhalamba ija inaiwala chesi, inaiwala mkazi wake, mpaka inafuna kudya hatchi ya pulasitiki. Ena akuti inameza. Ine Hosea, amene ndameta mutu umenewu kuyambira tsitsi lili bii mpaka lero pomwe ndimangoupukuta ndi kansalu, ndinalipo maulendo onse awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma wometa amaona kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, paja galasi.

A Cleophus anafika kuno ku Detroit kuchokera ku Alabama ali mnyamata, atanyamula kasutikesi komanga ndi chingwe ndi nkhuku yokazinga m'katoni ya nsapato. Anapeza ntchito kufakitale ya magalimoto, monga aliyense nthawi imeneyo. Anzawo ankalimbirana kupita ku mainjini, kuti akamadutsa mumsewu azinena kuti phokoso limenelo ndi langa. Iwo anapempha mabuleki, ndipo anakalambira pa mabuleki.

"Galimoto iliyonse imathamanga," ankatero. "Ngakhale yopanda injini, muikankhire potsetsereka muone. Nkhani ndi kuima."

Munthu wake ndi ameneyo. Lamba amamanga, zingwe za m'mapewa amavalanso, kuopa kuti thalauza lingawachite chipongwe. Ambulera amanyamula ngakhale kumwamba kuli mbee. Mayi Verlene, akazi awo, amanena okha kuti bamboyu anawaperekeza kuchokera kukwaya mpaka nsapato kutha osanena chilichonse, kenako iwo anatopa n'kuima pakati pa msewu.

"Ndinati, Cleophus, ukundikwatira kapena ndiwe mlonda wanga? Iye akuti ndiganize kaye. Ndinati ganiza tikuyenda, abusa akudikira."

Chesi anaiphunzira kufakitale komweko, nthawi yopuma masana, kwa mzungu wina wa ku Poland amene ankagwira naye ntchito. Mzunguyo anawaphunzitsa kayambidwe kamodzi ka munthu wa zakuda, kamene odziwa amakatchula kuti Caro-Kann. Atafuna kuwaphunzitsa kachiwiri, iwo anakana. Anati koyambaka sikanathe ntchito.

Kayambidweko n'kosavuta, ngakhale ine ndimakadziwa, chonsecho chesi yanga ndi yoonera pagalasi. Wa zoyera akakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu, mabokosi awiri, pachifuwa patali, iwe osanjenjemera. Umatenga kamsilikali ka kutsogolo kwa bishopu, mbali ya mfumukazi, n'kukasuntha bokosi limodzi basi. Kaphazi kamodzi, ngati munthu woyesa madzi osamba. Ulendo wotsatira umakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi, ndipo kaja koyamba kamamugwira kumsana. Basi, khoma laima. Zina zonse zimabisala kuseri, ndipo mnzako amayamba kugunda mutu pa njerwa.

A Cleophus ankasankha zakuda nthawi zonse. Musati nkhani ya khungu, paja m'shopu mwanga tonse ndife amodzi. Iwo ankati wa zoyera ndiye amayamba, ndipo woyamba ndiye amayambanso kulakwa.

Mdani wawo wa Loweruka lililonse, pa katebulo ka pawindo m'shopu mwanga pa Mack Avenue, anali a Lucius Pettway, amene anapuma pa ntchito yoperekera makalata. Munthu amene wathamangitsidwa ndi agalu moyo wake wonse sakhazikika. A Lucius amasewera chesi ngati nyumba ikupsa: kutaya hatchi uku, kutaya bishopu uko, kugawa zinthu ngati katundu wa malemu, bola afike pakhosi pa mfumu. Akakumana ndi a Cleophus zinkakhala ngati mvula yamatalala pa denga la malata. Phokoso lambiri, m'nyumba mouma.

"Tuluka umo, iwe nkhalamba! Tuluka timenyane ngati amuna!"

"Ndili pakhomo panga, Lucius. Wabwera ndiwe."

"Kaphazi komweko? Chaka chino ndi chatha, kaphazi komweko? Mkazi wako amapirira bwanji?"

"Wanga alipo. Ako atatu aja ali kuti?"

Shopu yonse inkafa ndi phwete, ine mpaka kuimitsa makina kuopa kudula khutu la munthu. Masewera ambiri ankathera kulepherana. Ena a Cleophus ankapambana a Lucius atatha zida, ndipo ankapambana mwaulemu, ngati munthu wotsekera mlendo chitseko. Kugonja ankagonja ndithu, koma mwa apo ndi apo, ndipo tsiku lotero a Lucius ankazungulira msewu wonse kulengeza ngati kwabadwa mwana.

Pa katebuloko panali malamulo awiri, ndipo onse mwini wake anali a Cleophus. Loyamba: wakhudza, suntha. Kaya wakhudza mwadala, kaya chala chatsetsereka, kaya ndi mkono wa jekete, chimene wakhudzacho n'chimene chiyende. Kwina amakhululuka zangozi, kwa ife ayi. Ukafuna kungoimika bwino chinthu chopendekera, uyambe wanena mokweza kuti "ndikukonza," kenako dzanja. Abusa athu enieniwo anataya mfumukazi mwa njira imeneyi. Anati, "Achimwene, inali ngozi, Ambuye ndi mboni." A Cleophus anati, "Ambuye aona, inenso ndaona. Sunthani, abusa." Lamulo lachiwiri silinali lamulo kwenikweni koma chitonzo. Munthu akaika hatchi m'bokosi la m'mphepete mwa bolodi, pomwe siingalumphire kwina kulikonse kwanzeru, a Cleophus ankavula magalasi n'kufunsa modekha, "Hatchiyi yakulakwira chiyani kuti uigwetsere m'ngalande?" Ana a m'dera lathu anakula akudziwa kuti hatchi saika m'ngalande asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Musunge malamulo awiriwo.

M'nyengo yozizira yapitayi, m'mawa wina, a Cleophus anatuluka ndi fosholo kukakokola chipale chofewa pakhomo pawo. Anakokola pawo, anakokola pa mayi wamasiye woyandikana nawo, kenako anakhala pansi pa masitepe. Mayi Verlene atasuzumira pawindo anaona fosholo ili uko, munthu atapendekera. Inali sitiroko. Moyo unatsala, koma dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, ndipo mawu anatsekeka. Pakamwa pankayenda, koma chotuluka chinali kubuula basi.

Atachira pang'ono anawasamutsira kuchipatala china, kophunzitsa anthu kuyenda ndi kugwira supuni. Kumeneko ndinkapita kukawameta ndevu. Maso anali omwe aja, koma maso okha sanena kanthu. Madokotala ankawafunsa tsiku, dzina, mtundu wa kapu. Munthu wopanda mawu ayankha bwanji? Nthawi zina ankaloza bwino, nthawi zina ankangowayang'ana ngati akuona ana akusewera m'fumbi. Ndiye funso linali pa aliyense, ngakhale palibe ankalitchula mokweza: kodi a Cleophus alimo m'thupi limeneli, kapena nyumba yatsala yokha?

Nzeru yotengera bolodi kuchipatala inali ya a Lucius, ndipo inali nzeru yabwino, ndiwapatse zawo. Loweruka masana tinapita awiri, iwo ndi bolodi m'khwapa, ine ndi chikwama cha malumo. Mayi Verlene anali atathamangira kunyumba kukaphika. Tinakankhira katebulo ka mawilo pamaondo pa wodwala, a Lucius n'kuyala zinthu zonse, zakuda kwa a Cleophus. Nkhope ya nkhalamba inasintha pang'ono mbali yamoyo ija.

"Lero ndikumaliza," anatero a Lucius. Anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu.

Tonse tinayang'ana kamsilikali kaja. Tsoka lake, kwa munthu wa zakuda kamakhala ku dzanja lamanja, dzanja lomwe linali gone pa bulangete ngati nsomba yowamba. A Cleophus anadzutsa lamanzere. Linanyamuka likunjenjemera, linadutsa pamwamba pa mfumu, pamwamba pa mfumukazi, pamwamba pa bishopu, linapitirira, n'kukatera pamutu pa hatchi. Linakhala pomwepo. Pakamwa panayamba kuyenda, mtsempha wa pakhosi tolotolo, koma mawu osatuluka. Anayang'ana a Lucius, anayang'ana ine. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Kenako anainyamula hatchiyo n'kuiika m'mphepete mwenimweni.

M'ngalande. Ulendo woyamba, a Cleophus Tarver, hatchi m'ngalande.

A Lucius anaweramitsa mutu. Anati, "Chabwino, mkulu, chabwino. Watopa. Tidzasewera tsiku lina." Anatsegula thumba n'kusesereramo zonse ndi mkono, khochokhocho. A Cleophus anabuula mokweza, n'kumenya tebulo, n'kutsomphola hatchi ija isanalowe m'thumba, kuifumbata kuti gwa. Anayesa kuiika pakamwa kuti dzanja limasuke agwire bolodi, ndipo apo ndi pomwe panachokera zoti anameza. Namwino analowa chothamanga. Ife tinatuluka ngati agalu okuba nyama. M'chikepe a Lucius analira osabisa.

"Wapita, Hosea. Munthu uja wapita. Chikanakhala china chilichonse, koma hatchi m'ngalande?"

Inenso ndinavomereza. Aliyense wa pa katebulo kaja akanavomereza. Dokotala akanati mutu wawonongeka tikanati dokotala ndi mwana, sakumudziwa. Koma umboni uwu unali m'chinenero chathu.

Pofika Lamulungu nkhani inali itavala jekete n'kulowa m'tchalitchi. A Cleophus nawo, kumeneko kuchipatala, anatembenukira kukhoma. Chakudya kukana. Mtsikana wowaphunzitsa kuyenda akabwera, kumukankha. Madokotala akafunsa, kutseka maso. Hatchi ili m'manja usana wonse. Anamwino anaonanso kuti akawasiyira mbale, m'malo modya amatenga nsawawa yobiriwira imodzi n'kumaikankha ndi chala, pang'ono, n'kuibweza, n'kuikankhanso. Kapu ya mankhwala chimodzimodzi. Zonsezi zinkawerengedwa ngati zizindikiro.

Mwana wawo Terrence anakwera ndege kuchokera ku Atlanta. Ndi mnyamata wabwino, musamve zonena anthu, kungoti amayenda ndi foni kukhutu ngati inamera pomwepo. Achipatala anamuuza mosabisa kuti malo amenewo ndi a anthu amene akuphunzira; munthu akasiya kuphunzira amapereka bedi kwa wina. Terrence anapeza nyumba yosungirako okalamba oiwalaiwala, kutali kunja kwa mzinda, ya zitseko zokhoma ndi nambala kuti asamatuluke. Mayi Verlene sayendetsa galimoto, ndipo basi siifika kumeneko. Anagwirizana kuti Lolemba lotsatira awasamutsa.

Lachisanu masana chitseko cha shopu yanga chinatseguka mwamphamvu mpaka kabelu kanagwa. Mayi Verlene, chipewa cha kutchalitchi kumutu, kachikwama m'khwapa. A Lucius anali pampando wanga, thovu kumaso.

"Achimwene a Pettway, dzukani."

"Mayi Verlene, pepani kwambiri ndi zimene..."

"Pepani wanuyo musunge. Ndamva kwa anthu onse a mumzinda muno kupatula inu. Munamuchita chiyani mwamuna wanga?"

A Lucius anafotokoza zonse, mpaka hatchi, mpaka ngalande. Mayi Verlene chesi saidziwa, ndipo amanyadira kusaidziwako. Amati m'nyumba imodzi wamisala mmodzi amakwana.

"Ndiye ataika hatchiyo, inu munasuntha chiyani?"

"Ine? Ndinalongedza, mayi. Sindikanatha kuona..."

"Munalongedza. Iye anati wagonja?"

"Mayi, munthu sakuyankhula."

"Ndiye munamulanda bolodi munthu wosayankhula, masewera ali pakati." Anatembenukira kwa ine. "Nanunso a Hosea munangoima ndi lumo lanulo?"

Ine ndinapeza chochita ndi thaulo.

"Tamverani, anyamata okalamba inu. Nkhope ya mwamuna uja ndaiwerenga kuyambira ndili mtsikana. Terrence akuti ndi ya munthu wotayika. Ine ndikuiona ngati ya munthu wokwiya. Ndi yomwe anavala tsiku lomwe ndinamuchotsera mbale asanamalize kudya, ndipo sanandiyankhule mpaka Lamulungu. Mwina ndikudzinamiza. Mwina ndine nkhalamba yoopa kugona yokha m'nyumba. Koma sindisiya mwamuna wanga akatsekeredwe chifukwa cha kahatchi kopanda ndi miyendo yomwe. Mawa mukamalize masewera aja."

"Mayi, zikakhala kuti..."

"Zikakhala kuti wapitadi, ndikaone ndi maso anga, ndikalire kamodzi. Pukutani thovulo, mukuoneka ngati keke."

Loweruka tinakumana m'chipinda chija: ine, a Lucius, mayi Verlene ndi mbale yawo yokutira, ndi Terrence ataima pakhomo, foni m'manja. A Cleophus anali chitembenukire kukhoma. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku yosotsola.

"Amayi, izi zingowapweteka," anatero Terrence chapansipansi.

"Zimitsa foniyo, ukhale pansi."

Atamva kulira kwa zinthu m'thumba, a Cleophus anatembenuza mutu. A Lucius anayala bolodi. Anaika zonse m'malo mwake ngati poyambira penipeni, malo a hatchi imodzi ali pululu.

"Tiyambirenso, mkulu. Zija tiiwale. Bweretsa hatchiyo apa."

A Cleophus anawayang'ana ngati ayang'ana chinthu chomata kunsi kwa nsapato. Anatambasula dzanja, n'kuloza msilikali woyera wa kutsogolo kwa mfumu, kulozabe mpaka a Lucius anamukankha mabokosi awiri monga zinalili. Kenako anafumbatula hatchi ija n'kuiika. Osati kwawo. M'ngalande momwe muja.

Terrence anayang'ana kudenga. A Lucius anatsegula pakamwa, koma mayi Verlene anawagunda ndi kachikwama paphewa.

"Sunthani."

A Lucius anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi, mosasamala, ngati munthu woponya dothi m'manda.

Dzanja lamanzere la a Cleophus linanyamuka. Ulendo uno silinadutse pamwamba. Linatsika m'munsi, linazungulira cha kutsogolo kwa asilikali, chala chimodzi chili tololo, pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi nsawawa ija. Chala chinafika pa kamsilikali ka kutsogolo kwa bishopu, chinakakola kumutu, n'kukasuntha.

Bokosi limodzi. Kaphazi kaja.

A Lucius anatulutsa hatchi yawo. A Cleophus anatenga hatchi ya m'ngalande ija n'kuilumphitsa chobwerera, kudzaima m'bokosi lomwe kamsilikali kanachokamo, kuseri kwake, mofunda. A Lucius anasunthanso china. A Cleophus anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi. Khoma linaima, lomwe lija la Loweruka lililonse, kungoti tsopano linali ndi hatchi yolondera kumbuyo.

"Hosea," ananong'ona a Lucius, "ukuona zimene ndikuonazi?"

"Ndikuona munthu ali pakhomo pake."

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa Terrence. "Zili bwino kapena zaipa?"

"Khala chete, mwana iwe," anatero a Lucius, n'kuvula jekete.

Koma zoona zenizeni zinatulukira patsogolo pang'ono. A Lucius, mtima uli m'mwamba, anagwira bishopu wawo, kenako anaona kuti akamusuntha zinthu ziwaipira. Anachotsa dzanja mwakachetechete n'kuyamba kukanda m'mutu, ngati dzanjalo linkapita kumutuko kuyambira kale. Anaganiza kuti kuchipatala malamulo amagona. Dzanja lamanzere lija linauluka kuti khwa! pamkono pawo, n'kulikoka, n'kulibwezera pamutu pa bishopu. Ndipo silinasiye.

"Iwe! Ndimakonza! Ndimangokonza!"

A Cleophus anapukusa mutu. Anasiya mkonowo, n'kuloza khutu lawo: sindinamve. Kenako anagogoda pamutu pa hatchi yawo ija, anagogoda pa milomo yawo, n'kutambasula chikhatho chopanda kanthu.

A Lucius anakhala kukamwa yasa. Kenako anadzimenya pamphumi mpaka kunamveka kukhonde.

"Mayo ine! Unaikhudza! Tsiku lija dzanja linapitirira, unaikhudza, ndipo sukanatha kunena kuti ndikukonza!"

Mbali yamoyo ya pakamwa pa a Cleophus inakwera m'mwamba.

"Koma bwanji m'ngalande?" ndinafunsa ine. "Inali ndi bokosi lina labwino, la m'kati."

"Bokosi lake liti, mbuzi iwe?" anakuwa a Lucius, akuseka uku akulira. "Ndi lomwe limapita kamsilikali kake! Akanaika hatchi pamenepo akanadzitsekera yekha chitseko. Galu wokalamba uyu anaiimika pambali kuti njira ikhale yotsegula! Anaganiza maulendo atatu kutsogolo, ife tikumuimbira nyimbo za maliro!"

Mayi Verlene sanafunse tanthauzo la zonsezo. Anangoyang'ana nkhope ya mwamuna wawo, n'kukhala pansi pa mpando mwaphee, n'kutulutsa mpweya umene ndikuganiza anausunga kuyambira tsiku la fosholo. Anavula chipewa n'kuchiika pamaondo.

"Cleophus Tarver," anatero, "sabata yathunthu osadya, kutiopseza tonse, chifukwa cha masewera?"

A Cleophus analoza a Lucius.

"Eya, wolakwa ndi iyeyo, ndikudziwa. Tsegula pakamwa."

Anavundukula mbale: masamba ophikira limodzi ndi nyama yootcha pa utsi, chigumu cha chimanga, ndi mbatata yotsekemera. Nkhalamba inadya uku ikusewera, supuni ya mayi Verlene ikulowa, maso ali pa bolodi. Terrence anatuluka panja, ife n'kumaganiza kuti wapita ku foni yake. Anabwera ndi dokotala, atamugwira pamkono ngati wakuba. Dokotalayo, mtsikana wamng'ono wa magalasi, anati chesi ankasewerako kusukulu. Anaima kumbuyo kwa a Lucius n'kuonerera nthawi yaitali, kenako anafunsa a Cleophus ngati mawa angalole kuyesa kuimirira ndi ndodo. Iwo anagwedeza mutu osamuyang'ana, n'kumukupiza ndi dzanja kuti achoke, akutchinga kuwala.

Terrence anagwada pambali pa bedi. "Adadi, pepani. Ndimaganiza kuti..."

A Cleophus anamusisita kumutu kamodzi, kenako anamukankhira pambali, chifukwa chigongono chake chinali pafupi kugwetsa nsanja ya chesi yomwe inali pakona pa bolodi.

Bishopu uja a Lucius anamusuntha, paja lamulo, ndipo anataya msilikali. Atapsa mtima anayamba zawo zija, kuponya chilichonse pa khoma. Anataya hatchi, anatukwana, namwino anabwera kudzatichenjeza kuti kuno n'kuchipatala. Pomaliza, mwa mwayi wa agalu, anapeza njira yomangoopseza mfumu uku ndi uku kosalekeza, ndipo masewera anathera kulepherana. A Cleophus anapereka dzanja lamanzere. A Lucius analigwira ndi manja awiri osafuna kulisiya, mpaka mwini wake analisolola n'kulipukuta pa bulangete.

Lolemba lija palibe anasamuka. Terrence anaimbira a nyumba ya zitseko zokhoma ija kuti bediyo apatse wina, ndipo asanabwerere ku Atlanta anakhoma matabwa otsetsereka pa masitepe a kwawo, okhota pang'ono, koma akugwira ntchito. Chipale chitasungunuka a Cleophus anabwerera kunyumba kwa mkazi wawo. Mawu mpaka lero ndi ochepa. "Ayi" amatuluka bwino kwambiri, ndipo mayi Verlene akuti ndi amene ankagwiritsa ntchito kale lomwe. Dzanja lamanja lidakali m'tulo. Loweruka lililonse a Lucius amawakankha pa njinga ya olumala kudzafika pa katebulo ka pawindo, akutukwanizana njira yonse, mmodzi ndi pakamwa, wina ndi nsidze.

Tinakhala pansi a pa katebulo tonse n'kugwirizana kuti, poona mmene zinthu zilili, lamulo la kukhudza lisamawakhudze a Cleophus. Abusa ndi amene anakawauza, mokoma, ndi vesi pamwamba. A Cleophus anamvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kutulutsa mawu awo aja amodzi. Tsopano tinangowapachikira kabelu kaja kanagwa pachitseko; akafuna kukonza amayamba aliza.

Chatsopano n'chakuti anyamata ena a m'dera lino ayamba kuika hatchi m'ngalande ulendo woyamba, akuti ndi nzeru zakuya za a Tarver. A Cleophus akaona amatseka maso ngati amva kununkha.

Ndiye mukakumana ndi uja wa zomeza hatchi, kaya ndi pa mlamba kaya ndi pakhomo la tchalitchi, mumuuze kuti abwere ndimumete ulere, ndimuuze ndili ndi lumo m'manja. A Cleophus sanazungulire mutu: anakhudza hatchi, ndipo munthu akakhudza amasuntha.